Mutu 7: Filomena Akana Kusaina Kalata Yopepesa

1. Pamwamba pa Linthipe

Lachinayi pa 10 Julaye 2025, nthawi ili 10:05 m'mawa, Filomena Chinkhota ananyamuka yekha pa kandege ka sukulu. Anali ndi zaka 20, ndipo anali ataphunzira kuyendetsa ndege kwa maola 41. Aka kanali koyamba kupita ulendo wautali popanda mphunzitsi pambali pake.

Njira inali yosavuta. Anayenera kutsata msewu waukulu mpaka pa Linthipe, kuzungulira tauni ya Dedza, kenako kubwerera.

Pa wailesi kandegeko kankaitanidwa kuti Papa Kilo. Woongolera ndege amene anali pa nsanja tsiku limenelo anali a Sulemani Latif, bambo amene anali atagwira ntchitoyo zaka 29. Ndege iliyonse m'chigawocho inkayenda pomvera mawu awo.

Filomena ankawadziwa bwino mawuwo. Lolemba la sabata yomweyo anali atawapempha katatu kuti abwereze zimene ananena. Kachitatuko a Sulemani anayankha aliyense akumva pa wailesi: "Papa Kilo, ndili ndi ndege zisanu ndi imodzi. Sindingakhale ndikubwerezera inu nokha tsiku lonse. Mukatsuke m'makutu."

Pofika madzulo, anzake ku hositelo ankamutchula kuti Nabwerezani.

Nthawi ili 10:38 Filomena anadutsa pa Linthipe ali pa mafiti 8,000. Kumanzere ankaona minda ya ku Kasina, kwawo, ndi denga la tchalitchi. Kutsogolo mapiri anali atakutidwa ndi mitambo ya chiperoni.

Wailesi inalira. "Papa Kilo... mafiti... yochokera ku Blantyre..." Mawu ena onse anamira m'phokoso.

Lamulo la pa wailesi ndi lodziwika kwa wophunzira aliyense. Woyendetsa ndege amabwereza zonse zimene wauzidwa kuti woongolera atsimikize kuti zamveka. Ngati sanamve, amanena kuti sanamve. Woongolera naye sayenera kumusiya mpaka atamva kubwerezako.

Filomena anaika chala pa batani la wailesi. Chinakhala pomwepo kanthawi.

"Ndamva, Papa Kilo," anatero.

A Sulemani sanamufunsenso. Anayamba kulankhula ndi ndege ina.

Zimene anali atanena zinali izi: "Papa Kilo, musapitirire mafiti 8,500. Ndege yochokera ku Blantyre ikutsika ndipo idutsa pamwamba panu."

Filomena, poona mitambo kutsogolo, anakwera kuti aidutse pamwamba. Pofika 10:42 anali pa mafiti 9,600, m'dera limene kandege ka wophunzira sikalowa popanda chilolezo. Ndege yaikulu, yonyamula anthu 64, inali pa mafiti 10,000. Lamulo limafuna kuti ndege ziwiri zitalikirane mafiti 1,000. Panatsala 400.

Anaona mimba yoyera ya ndegeyo ikutuluka m'mitambo. Inakwera mwadzidzidzi n'kukhotera kumanja, chifukwa makina ake anali atachenjeza oiyendetsa. Kandege ka Filomena kanagwedezeka ngati lichero.

"Papa Kilo, tsikani tsopano! Tsikani!"

Ulendo uno mawu onse anamveka.

Anatera 11:19. Palibe amene anavulala.

2. Kalata ya Kaputeni

Madzulo a tsikulo mphunzitsi wake, Kaputeni Zikhalo, anamuitanira mu ofesi. Pa tebulo panali kalata yolembedwa kale pa kompyuta. Pansi pake panali mzere woti asainepo.

"Khala pansi, Filo. Werenga."

Kalatayo inkanena kuti iye, Filomena Chinkhota, anamva bwino lamulo lonse la woongolera, koma analiiwala chifukwa cha mantha ataona mitambo. Inkatha ndi kupepesa kwa akuluakulu a pa nsanja.

"Koma sindinalimve, Kaputeni. Mawu anaduka."

"Nanga unayankhiranji kuti wamva?"

Filomena anayang'ana pansi. "Ndinachita manyazi."

"Manyazi pa mafiti 8,000!" Kaputeni anavula magalasi. "Tamvera, mwana iwe, ndikuuze mmene zinthu zimayendera. Lipoti liyenera kufika ku ofesi yofufuza pasanathe maola 72. Ukasaina kalata iyi, nkhani yatha. Wophunzira akavomera yekha kulakwa, palibe amene amavutika kukamvetsera mawu ojambulidwa. Ukhala pansi masabata awiri, kenako ubwerera m'mwamba. Koma ukalemba kuti sunamve, afunsa kuti nanga woongolera anakusiyiranji usanabwereze. Pamenepo wakoka dzina la a Sulemani. Kukhala kafukufuku. Adzamvetsera mawu ako ukunena kuti wamva chinthu chimene sunamve, ndipo akhoza kukulanda chiphaso chako cha wophunzira. Akakulanda, sindingakubwezere. Chaka chathachi chidzakhala chapita pachabe."

"Koma kalatayi ikunena zimene sizinachitike."

"Kalatayi ikukupulumutsa. Pita kwanu ukapume. Lamulungu m'mawa ndiione yosainidwa."

Filomena anaipinda kanayi n'kuiika m'chikwama.

3. Ku Kasina

Lachisanu masana anatsika minibasi pa Linthipe n'kukwera njinga yamoto ya kabaza mpaka kwawo. Kunali kozizira, ndipo amayi m'madimba ankathirira kabichi atafunda zitenje ziwiriziwiri.

Ana a pamudzi anamuthamangira.

"Apailoti! Apailoti afika! Tinakuonani dzulo!"

"Munandiona bwanji? Ndinali kutali."

"Tinakubayibitsani, inu osabweza. Mwayamba matama!"

Filomena anaseka pang'ono. Amalume ake, a Timoteyo, sanaseke. Anali katekisiti wa pa tchalitchi, ndipo ndi amene anamulera bambo ake atamwalira. Kaputeni anali atawaimbira kale foni.

Anamukhazika pa benchi kuseri kwa nyumba, pamene ana sakanamva.

"Filomena, ndakulera zaka khumi ndi ziwiri, ndipo sunandichititsepo manyazi. Usayambe lero. Ine za ndege sindizidziwa, koma za anthu ndimazidziwa. Mwana akasemphana ndi munthu wamkulu, safufuza kuti wamkuluyo analakwa pati. Amagwada, amapepesa, moyo n'kupitirira. A Sulemani amenewa anayamba ntchito iwe usanabadwe. Ukawalemba pa pepala, anzawo onse a pa nsanja adzakumbukira dzina lako. Udzauluka ndi yani? Anthu a mudzi uno anakuperekeza ndi nyimbo mpaka pamsewu. Atsikana a ku pulayimale akuti akufuna kukhala ngati iwe. Ukabwera kuno chimanjamanja, ndidzawauza kuti chiyani?"

"Mudzawauza zimene zinachitika, amalume."

"Usandiyankhe ngati uli pa wailesi."

"Pa wailesi ndi pamene sindinayankhe bwino. Munandiphunzitsa kuti munthu wamkulu sanena kawiri. Ndinatsatira zomwezo, ndipo anthu 64 anatsala pang'ono kugwera m'minda ya anthu."

"Ndiye wolakwa ndine?"

"Ayi. Batani ndinadina ndine."

A Timoteyo anaimirira n'kukonza jekete lawo.

"Ndafunsa kale. A Sulemani kwawo ndi ku Dedza konkuno, kuseri kwa sitolo ya mchimwene wawo, ndipo Loweruka amakhala pakhomo. Mawa tipita. Titenga dengu la kachewere ndi tambala wofiira uja. Tipita naye wamoyo, akachinje okha mwa chipembedzo chawo. Ukagwada, ukapepesa, ndipo ukasaina kalatayo pamaso pawo."

"Kupita ndipita," anatero Filomena. "Kupepesa ndikapepesa."

A Timoteyo anadikira mawu achitatu, onena za kusaina. Sanabwere.

4. Pakhonde pa a Sulemani

Loweruka pa 12 Julaye anakwera minibasi pa Linthipe 10 koloko. Kondakitala anayang'ana tambala amene a Timoteyo anamukolekera m'khwapa.

"Abambo, ameneyu ali ndi mapiko ake. Bwanji osamuuza atsogole, mukakumane ku Dedza?"

Anthu anaseka. A Timoteyo anangoyang'ana pawindo.

Anawapeza a Sulemani pakhonde, atavala chipewa choyera ndi juzi yaikulu, akumwa tiyi. Anali munthu wamfupi, wa imvi m'ndevu. Filomena anali asanawaonepo nkhope. Ankangodziwa mawu.

Akazi awo, mayi Samira, anabweretsa mipando iwiri. Filomena sanakhalepo. Anagwada pa simenti.

Atapatsana moni, a Timoteyo anafotokoza chimene anabwerera. Anaika dengu pansi, tambala womangidwa miyendo pambali pake.

"Mwanayu ndi wathu, bambo, koma ndi wanunso. Walakwa. Tabwera kuti mumukhululukire."

A Sulemani anaika kapu pansi n'kumuyang'ana Filomena.

"Ndiwe Papa Kilo?"

"Ndine, bambo."

"Mawu ako ndi aakulu kuposa iwe." Anapukusa mutu. "Tamvera. Ine ndikakhala pa mpando uja, sindikhala m'ndege mwako. Sindiona mitambo imene ukuona. Sindidziwa ngati wailesi yako ikulira bwino kapena ayi. Chimene ndili nacho ndi mawu ako basi. Ukati wamva, ine ndimatenga ndege ya anthu 64 n'kuidutsitsa pamwamba pako, chifukwa ndakukhulupirira. M'ndege muja munali amayi opita ku chipatala, munali ana, munali anthu obwerera ku maliro. Palibe mmodzi amene ankadziwa kuti moyo wake uli pa lilime la mtsikana wa ku Kasina. Woyendetsa ndege amene sadziwa kanthu sindimuopa, chifukwa amafunsa. Ndimaopa amene amavomera kuti andisangalatse. Ameneyo amapha anthu mwaulemu. Wandimva?"

"Ndakumvani, bambo. Mwati mumadalira mawu anga okha, ndipo ndikavomera chinthu chimene sindinamve ndimaika anthu pa imfa."

A Sulemani anakweza nsidze. "Lero ukubwereza."

"Ndikupepesa ndi mtima wonse. Ndinanena kuti ndamva ndisanamve. Ndinakwera popanda chilolezo. Zimenezo ndi zanga, ndipo sindizikana."

"Chabwino," anatero a Timoteyo mofulumira. Anali atatenga kalata ija kwa Filomena m'minibasi. Anaitambasula pa tebulo n'kutulutsa cholembera. "Saina apa, tiwasiye bambowa apume."

Filomena sanatambasule dzanja.

"Kalata iyi sindisaina, amalume."

"Wati chiyani?"

"Ikunena kuti ndinamva lamulo n'kuliiwala. Sindinaliiwale. Silinandifike." Anatembenukira kwa a Sulemani, adakali chigwadire. "Bambo, ndifunse nawo. Nditayankha osabwereza lamulo lanu, munandisiyiranji?"

"Filomena!" A Timoteyo anamenya tebulo. Tambala anakupiza mapiko.

Nkhope ya a Sulemani inauma.

"A Timoteyo, mwanayu mwabwera naye kudzapepesa, kapena kudzandizenga mlandu pakhonde panga?"

"Mukhululukireni, bambo, sukulu yamuzunguza mutu."

"Mutu wanga uli bwino," anatero Filomena. "Lolemba ndinakupemphani kuti mubwereze, munandiuza kuti ndikatsuke m'makutu. Lachinayi ndinaopa kufunsanso. Kuopako ndi kulakwa kwanga. Koma buku limati woongolera asamusiye woyendetsa mpaka atabwereza. Buku lomwelo ndi limene likundiweruza ine."

"Ndinali ndi ndege zisanu ndi ziwiri!"

"Ndidzalemba kuti munali ndi ndege zisanu ndi ziwiri."

"Iwe, ukudziwa kuti ndatsala ndi miyezi isanu kuti ndipume pa ntchito? Zaka 29, fayilo yanga ilibe chilema ngakhale chimodzi."

"Ine ndangoyamba kumene, bambo. Pepala loyamba m'fayilo yanga lisakhale labodza." Anapitiriza: "Ndipo pali china. Pakati pa Linthipe ndi mapiri aja wailesi imaduka. Lachiwiri mnzanga Bongani adutsa pomwepo yekha. Ndikasaina kuti ndinamva bwinobwino, palibe amene apite kukayesa wailesi pamalopo. Bongani naye anandiseka nawo Lolemba lija. Mukuganiza kuti mawu akadzaduka adzayerekeza kufunsa?"

Mayi Samira, amene anali ataima pakhomo ndi ketulo, anabwerera m'nyumba.

A Sulemani anatenga kalatayo n'kuiwerenga yonse, pang'onopang'ono. Anaibwezera pa tebulo.

"Analemba ndani?"

"Kaputeni Zikhalo."

"Ine sindinamutume."

"Sindinanene kuti munamutuma, bambo."

A Sulemani anaimirira.

"A Timoteyo, nyamulani tambala wanu ndi kachewere wanu. Nkhani iyi si ya pakhonde."

"Bambo, chonde, musatibweze chonchi. Ndikalowa bwanji pamudzi ndi tambala yemweyo?"

"Nyamulani." Kenako anayang'ana Filomena. "Iwe, dzuka, simentiyo ikuzizira. Usaganize kuti ndikakuimira kumbuyo. Ndikadziteteza ndi mphamvu zanga zonse, ndipo amene akakufunse mafunso ndi anthu amene sachita chisoni ndi misozi. Chiphaso chako ukhoza kuchisiya komweko."

"Ndikudziwa, bambo."

"Lachinayi lija ndinakuitana nthawi yanji pa wailesi?"

"Cha m'ma 10:40."

"10:39. Ukalemba, ulembe zolondola. Lipoti la cha m'ma ndi lipoti la munthu waulesi."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

5. Lipoti

Atabwerera pa Linthipe, a Timoteyo anatsika n'kukaima pafupi ndi amayi ogulitsa tomato, tambala ali m'khwapa, dengu lili pansi. Mayi wina amene ankawadziwa anawafunsa ngati tambalayo ndi wogulitsa. Iwo anangotembenukira kumsewu.

Filomena anakhala pa khonde la sitolo n'kutulutsa foni. Analemba motere:

"Pa 10 Julaye, 10:39, ndili pa mafiti 8,000 kumwera kwa Linthipe, woongolera ndege anandipatsa lamulo. Mawu anaduka ndipo sindinalimve lonse. Ndinayankha kuti ndamva. Sindinabwereze lamulolo, ndipo sindinapemphe kuti libwerezedwe, chifukwa ndinachita manyazi. Woongolera, amene anali ndi ndege zisanu ndi ziwiri, sanandifunse kuti ndibwereze. Ndinakwera kufika mafiti 9,600 popanda chilolezo. Ndikupempha kuti wailesi iyesedwe pamalopo wophunzira wina asanadutsepo Lachiwiri."

Anawerenga kawiri. Anapita kwa amalume ake n'kuwaonetsa foniyo.

"Werengani, amalume. Sindikufuna kutumiza mobisa."

"Ukatumiza, Lolemba upita wekha. Ine sindikaima nawe pamaso pa anthu amenewo."

"Ndipita ndekha."

Anatumiza nthawi ili 15:12.

Yankho linabwera 16:05, akudikirabe njinga yamoto. Linachokera kwa wogwira ntchito wa tsikulo ku ofesi yofufuza. Linati Filomena akaonekere Lolemba pa 14 Julaye, 8 koloko m'mawa, ndipo mawu ojambulidwa a pa wailesi adzamvetseredwa iye ali pomwepo. Asakwere ndege iliyonse ya sukulu kufikira nkhaniyo itatha. Abweretse chiphaso chake, buku lake la maulendo, ndi pepala lililonse lokhudza nkhaniyi.

Asanamalize kuwerenga, foni inalira. Anali Kaputeni Zikhalo.

"Filo, wachita chiyani? Andiitana inenso!"

"Ndalemba lipoti, Kaputeni."

"Ndinakupatsa njira yabwinobwino, iwe wasankha kudzigwetsa m'dzenje. Chabwino, ndi moyo wako. Koma tamvera. Kalata ija ili kuti?"

Filomena anayang'ana amalume ake. Kona ya pepalalo inkaonekera m'thumba la jekete lawo.

"Ilipo."

"Ing'ambe pompano. Anthu aja akaona kuti ndinakulembera zoti unene, si iwe wekha amene uvutike. Ukundimva? Ing'ambe."

"Mwati ndiing'ambe kalatayo kuti ofufuza asaione."

"Eya!"

"Ndakumvani, Kaputeni. Koma sindingathe. Alemba kuti ndibweretse pepala lililonse."

Filomena anadula foni. Kenako anatambasula dzanja.

"Amalume, ndipatseni kalata ija."

A Timoteyo anali atamva zonse. Anasuntha tambala kumuika m'khwapa lina. Dzanja lawo linapita pa thumba la jekete, n'kukhala pomwepo, litaphimba pepalalo.